Nyali ya sola kapena mbaula ya dothi?

Tiyerekeze kuti ku Angónia, kuno ku Mozambique, kwachitika mpikisano wopanga zipangizo zosawononga chilengedwe. Achinyamata ambiri angathamangire nyali ya sola, ndipo n'zomveka: magetsi a ku damu la Cahora Bassa amakafika ku South Africa pomwe midzi yambiri kuno ikugonabe mumdima. Koma batire ikafa, nyali yomata ndi guluu imangotayidwa kudzala, pulasitiki ndi zonse.

Mbaula ya dothi siikopa maso. Komatu dongo tili nalo, amayi oumba mbiya luso ali nalo kale, ndipo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Nkhalango zathu zikutha ndi makala, zimandiwawa.

Ndikanakhala woweruza, ndikanasankha mbaula. Nyali ndingaivomere pokhapokha ikhale yotseguka, yoti wokonza mafoni pamsika wa Ulongwe athe kusintha batire.