Sensa imvetsere yokha kapena ifunse database?

Masensa ambiri oyeza chinyezi m'munda kapena kuchuluka kwa madzi mumtsinje amalankhulana pa 2.4 GHz, pomwe Wi-Fi ndi Bluetooth zinathithikana kale. Zigbee, njira ya wailesi yomwe masensa otere amalankhulirana, ili ndi matchanelo 16 pamenepo, koma rauta ya Wi-Fi ikangoyaka pafupi uthenga umatayika, sensa n'kumabwereza mpaka batire kutha. Chonsecho pakati pa 470 ndi 694 MHz matchanelo ambiri a kanema angokhala, makamaka kumidzi, ndipo mafunde ake amafika patali, kudutsa mitengo ndi zipupa. Sensa ikhoza kubwereka matchanelo amenewa, koma idziwa bwanji kuti mwini tchanelo, yemwe ndi wailesi ya kanema, kulibe?

Njira yoyamba ndi yoti imvetsere yokha isanalankhule, monga mwa ganizo la cognitive radio (wailesi yodzifufuzira yokha tchanelo chopanda mwini) lomwe Joseph Mitola anabweretsa mu 1999. Pakamwa zimakoma: safuna intaneti, safuna wina womuuza. Mavuto amayambira pa batire. Kachipangizo ka wailesi ka CC2420, kamene kanagwiritsidwa ntchito m'masensa ambiri a ofufuza, kamadya magetsi okwana 18.8 mA pomvetsera ndi 17.4 mA potumiza. Kutchera khutu n'kodula kuposa kulankhula! Sensa yoyendera mabatire awiri a AA, yomwe imayenera kugona pafupifupi tsiku lonse, ukaipatsa ntchito ya ulonda siichedwa kuzima. Chinanso, ikakhala m'chigwa kuseri kwa phiri siimva mlongoti wa kanema. Imayesa kuti kuli zii, n'kuyamba kutumiza, munthu wapamtunda amene akuonera mpira chithunzi n'kumuthothokera. N'chifukwa chake FCC, bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, inalamula kuti chipangizo chodalira kumvetsera chizimva ngakhale mafunde ofooka kwambiri, mpaka -114 dBm, khutu lomwe sensa yotchipa ilibe.

Njira yachiwiri ndi kufunsa. Chipangizo chimanena pomwe chili, database (nkhokwe ya pa intaneti yosunga mndandanda wa matchanelo) n'kuyankha kuti tchanelo chakuti n'chololedwa pa mphamvu yakuti. Umu ndi momwe sukulu khumi za ku Cape Town zinalumikizidwira ku intaneti mu 2013, chaka chomwe Chancellor College, MACRA ndi ICTP (bungwe la zasayansi la ku Italy) anayesanso matchanelo ongokhalawa ku Zomba. Kuipa kwake, pamafunika GPS ndi intaneti, ndipo database ikakhala ndi zakale nawenso wasokera.

Ine ndikanasankha yachiwiri, koma osati pa sensa iliyonse. Wofunsa akhale gateway, chipangizo cholumikiza timasensa ku intaneti, yemwe ali ndi sola ndi netiweki, kenako auze timasensa tchanelo chalero. Ndipo ngati uthenga wako ndi manambala awiri pa ola, usadzivute: LoRa, wailesi yofika patali ndi magetsi ochepa, pa 868 MHz ikukwanira.