Makadi a Plickers ndi ma QR code m'kalasi ya pulayimale: ndemanga yanga

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ndimaphunzitsa sitandade 3, ndipo ndakhala ndikugwiritsa ntchito zinthu ziwiri pamodzi: makadi a Plickers pofuna kudziwa ngati ana amvadi phunziro, ndi ma QR code wamba omwe ndimamata m'makope ndi pakhoma kuti ntchito ya mwana imveke kwa makolo ake komanso kwa ine ndikakhala phee nditaweruka. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi chifukwa zonse ndi timabokosi takuda toti foni iwerenge. Si choncho. Ntchito zake n'zosiyana, mavuto akenso n'ngosiyana.

Ndiyambe ndi Plickers. Pulogalamuyi ndi yaulere kuiika pa foni, ndipo makadi ake mumawatenga pa tsamba lawo n'kusindikiza nokha. Khadi lililonse lili ndi nambala yake ndi chithunzi chakechake chakuda, ndipo m'mbali zake zinayi mwalembedwa A, B, C ndi D m'zilembo zing'onozing'ono. Mumalemba mayina a ana anu mu pulogalamu, aliyense n'kupatsidwa nambala ya khadi. Mukafunsa funso, mwana amatembenuza khadi kuti chilembo cha yankho lake chikhale kumwamba, n'kulikweza. Inu mumaima kutsogolo, n'kuyendetsa kamera ya foni pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita mbali inzake, ndipo mayina amayamba kutulukira pa foni, wokhoza mobiriwira, wolakwa mofiira. Foni imafunika imodzi yokha, ya mphunzitsi. Ana amangogwira pepala. Kwa ine apa ndiye pagona ubwino wake wonse, chifukwa njira zambiri zotere zimafuna kuti mwana aliyense akhale ndi tabuleti kapena foni.

Anzanga aphunzitsi mukudziwa momwe zimakhalira. Mukafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse imayankhira limodzi kuti "Tamva!" mokweza mpaka kalasi ya pafupi kudandaula. Mukati akweze manja, amakweza omwewo a masiku onse, ndipo ena amayamba ayang'ana kaye dzanja la mnzawo wanzeru. Makadiwa amathetsa zimenezi, chifukwa zilembo zake n'zazing'ono moti mwana wa desiki ya kumbuyo sangawerenge yankho la mnzake, komanso zithunzi zimasiyana khadi ndi khadi, choncho kutengera momwe mnzako wagwirira sikuthandiza. Aliyense amayankha zake, nthawi imodzi, ngakhale mwana wamanyazi uja amene chaka chonse simumva mawu ake.

Koma phindu lenileni ndinaliona pa kasankhidwe ka mayankho olakwika. Pophunzitsa kuchotsera kobwereka ndinalemba pa bolodi 62 − 28, ndipo mayankho anali awa: A 34, B 46, C 44, D 90. Lolondola ndi 34. Enawo sindinangowatola. Mwana wosankha 46 ndi uja amene akaona kuti 2 sangachotseko 8 amangotembenuza n'kunena kuti 8 kuchotsa 2. Wosankha 44 wabwereka bwinobwino, 12 kuchotsa 8 wapeza 4, koma waiwala kuti 6 uja watsala 5. Wosankha 90 sanaone n'komwe chizindikiro, waphatikiza. Ndikanangochonga makope ndikanaona zolakwika zambiri zofanana, mtanda, mtanda, mtanda. Pa foni ndinaona magulu atatu a ana odwala matenda atatu osiyana, ndipo gulu lalikulu linali la 46. Ana amenewa sankafunika masamu ena oyeserera, ankafunika kubwerera ku timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi kuti aone ndi maso kumasula mtolo umodzi. A 44 anangofunika kukumbutsidwa kudula nambala yomwe abwerekako. Zonsezi ndinazidziwa phunziro lisanathe, osati mawa lake. Ndiye ngati mulemba mayankho olakwika mwachisawawa, pulogalamuyi ingokuuzani chiwerengero cha olakwa, chomwe mukanachidziwa ndi kale.

Malire ake ndi awa. Mafunso ndi osankha pa mayankho anayi, kapena zoona ndi zabodza, basi. Mwana sangalembe chiganizo, sangafotokoze njira yomwe watsata, ndipo wongolota amakhoza kamodzi pa kanayi. Sindingagwiritse ntchito zotsatira zake ngati malikisi a pa lipoti la kumapeto kwa teremu. Mbali yaulere imalola mafunso 5 okha pa gulu limodzi la mafunso, zomwe kwa ana aang'ono n'zokwanira ndithu, popeza akafika funso lachisanu ena amakhala atayamba kudzipepesera mphepo ndi makadiwo. Vuto lalikulu ndi lakuti makadi onse alipo 63. Kalasi ikaposa pamenepo muyenera kuigawa pawiri mu pulogalamu n'kumafunsa gulu lililonse palokha, ndipo liwiro lija lomwe munakondera limathera pomwepo. Nyenyezi yachisanu ija yatsalira apa.

Zing'onozing'ono zoti mudziwe: chala chikaphimba ngodya ya chithunzi, foni siiwerenga, choncho aphunzitseni kugwira m'mphepete. Khadi lopindika limavuta. Mukafuna kukutira makadi ndi pulasitiki kuti akhalitse, sankhani pulasitiki yosanyezimira, chifukwa yonyezimira imabweza kuwala kwa pawindo kamera n'kulephera kuona. Kumata pa katoni yopyapyala kumagwiranso ntchito bwino. Pali makadi a zilembo zikuluzikulu opangira ana aang'ono, ngakhale kuti amenewo mnzake amatha kuonera. Kuonetsa funso pa sikirini yaikulu kumafuna kompyuta ndi pulojekita zolumikizidwa pa intaneti, koma ine ndimangolemba pa bolodi ndi choko, zimatheka.

Tsopano ma QR code. Awa sanapangidwire sukulu ayi. Anawapanga ku Japan mu 1994, pa kampani ya Denso, motsogozedwa ndi injiniya Masahiro Hara, kuti azilondolera zipangizo zagalimoto m'fakitale. Chifukwa choti m'fakitale mumakhala mafuta ndi dothi, anawapanga oti aziwerengekabe ngakhale mbali ina itada kapena kufufutika, mpaka pafupifupi 30 peresenti pa mlingo wapamwamba kwambiri. Aliyense amene anaonapo kope la mwana wa zaka 8 pakatha teremu amvetsa chifukwa chake zimenezi zili zofunika kwa ife. Ma code anga ena akwinyika, ena adontheredwa madzi, koma akuwerengekabe. Chomwe sapirira ndi kuwonongeka kwa timabokosi titatu tomwe tili m'ngodya za code, komanso kusowa kwa malire oyera ozungulira. Mwana akadula ndi sizasi mpaka kukhudza chakudacho, kapena akakongoletsa m'mphepete ndi kirayoni, code yatha.

Ine ndimaigwiritsa ntchito makamaka pa kuwerenga. Kumayambiriro kwa teremu ndimajambula mawu a mwana aliyense akuwerenga ndime yaifupi, mphindi imodzi yokha. Ndimaika mawuwo mu foda yake pa Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti, ndipo QR code yolozera ku fodayo ndimaimata mkati mwa chikuto cha kope lake. Kumapeto kwa teremu amawerenganso ndime yomweyo.

Pali mnyamata wina amene ndinkamuika m'gulu la owerenga movutika popanda kudziwa kwenikweni chovuta chake, chifukwa m'kalasi mwaphokoso umangomva kuti mwana akukakamira. Nditamvetsera mawu ake ndili ndekha, ndikubwezabweza, ndinapeza kuti mawu ambiri amawadziwa, koma amaima paliponse pamene pali ng' ndi ng. Pa "ng'ombe" ankaima, n'kuyesa, n'kubwerera. Pa "ngoma" chimodzimodzi. Kwina konse ankayenda bwino. Linali vuto la maphatikizo awiri okha, ndipo tinalikonza pa nthawi yopuma. Kumapeto kwa teremu ndinamuikira mawu ake oyamba aja kenako atsopano kuti amve. Anagwira pakamwa, n'kufunsa ngati woyambayo analidi iyeyo, kenako anapempha kuti mnzake wa pa desiki amvenso. Malikisi olembedwa ndi bolopeni yofiira sanamuchititsepo zimenezo.

Makolo nawo amamva okha m'malo mongouzidwa kuti mwana "akuyesetsa". Pa tsiku loti makolo aone ntchito za ana ndinamata ma code pansi pa zojambula za pakhoma, mwana aliyense akufotokoza yekha zomwe wajambula, ndipo chojambula chomwe ine ndinkayesa galu chinapezeka kuti ndi agogo ake ali m'munda. Mafoni ambiri a masiku ano amawerenga ma code ndi kamera yokha popanda pulogalamu ina, a iPhone anayamba zimenezi mu 2017, ndipo a Android ambiri amachita kudzera pa kamera kapena Google Lens. Koma si kholo lililonse lili ndi foni yotero kapena data, ndiye foni yanga imayenda m'manja ambiri tsiku limenelo. Musaganize kuti mukamata code ndiye kuti uthenga wafika kunyumba iliyonse.

Chokhumudwitsa chachikulu chinachokera ku tsamba lina la pa intaneti lopangira ma QR code, lomwe patsogolo pake linalemba kuti n'laulere. Ndinapanga ma code a kalasi yonse, kusindikiza, kudula, kumata. Patapita nthawi pang'ono onse anasiya kutsegula mawu a ana, m'malo mwake ankatsegula tsamba lofuna kuti ndilipire, ati nthawi yoyeserera yatha. Nkhani yake ndi yakuti ma code alipo a mitundu iwiri. Ena, otchedwa static, amasunga linki yanu yeniyeniyo mkati mwa chithunzi, ndipo amagwira ntchito malinga ngati linkiyo ilipo. Ena, otchedwa dynamic, amasunga linki yaifupi ya kampaniyo, yomwe imakutumizani kwanu, choncho kampani ikatseka chitseko chake inu mwatsala panja ndi mapepala anu. Tsambalo silinanene zimenezi poyera. Panopa ndimapangira pa Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, pamene pali batani lopangira QR code ya tsamba lomwe mwatsegula, ndipo palibe wondilipiritsa.

Ubwino wa dynamic umakhala woti mungasinthe komwe code ikulozera osasindikizanso, koma zimenezi mungazipeze mwaulere mukalozetsa code ku foda ya mwana osati ku fayilo imodzi. Code imodzi imakwana chaka chonse. Mumangoponyamo zatsopano: mawu, chithunzi cha chimangirizo chake, kavidiyo akufotokoza samu. Malinki a Drive ndi aatali, ndipo linki ikatalika timadontho ta code timachuluka n'kuchepa kukula, ndiye musasindikize tating'ono kwambiri. Anga ndimawapanga masentimita 3 kapena 4 mbali iliyonse.

Ntchito yake njambiri, tisanamizane. Kujambula mwana mmodzimmodzi pamalo opanda phokoso, kulemba dzina pa fayilo iliyonse, kuikweza pa intaneti, kupanga foda, kupanga code, kuonetsetsa kuti code ya mwana uyu siinamatidwe m'kope la uja. Kenako kumvetsera, komwe ndi kuchonga kumene, ndipo palibe pulogalamu yokumvetsererani. QR code payokha siyesa mwana. Imangosunga njira yopita ku ntchito yake, kuyesa kumakhalabe kwa inu ndi makutu anu. Amene akufuna njira yochepetsera ntchito yochonga atenge Plickers, izi zinazi zimawonjezera. Ine ndinasiya kujambula ana onse sabata iliyonse, ndimachita kawiri pa teremu, kupatula ana ochepa omwe ndikuwatsatira mwapadera.

Za chinsinsi cha ana ndiye musazitenge mopepuka. Kuti kholo litsegule foda popanda akaunti, muyenera kuiika poti aliyense wokhala ndi linki aone. Ndiye kuti aliyense wojambula code ija alowa. Ngakhale chithunzi cha khoma la kalasi chikatumizidwa pa gulu la WhatsApp, ma code ooneka bwino pa chithunzicho amawerengekabe kwa munthu amene sanapondepo pasukulu panu. N'chifukwa chake ma code a pakhoma ndimawalozetsa ku fayilo imodzi yokha ya mawu, yopanda nkhope ya mwana, yopanda dzina la bambo ake, ndipo ndimawachotsa tsikulo likatha. A foda yonse amakhala mkati mwa kope basi. Musanayambe, uzani a hedi, ndipo makolo asaine kalata yovomereza. Ena amakana, ndipo ana awo ndimawajambula mawu oti ndimve ndekha osawaika pa intaneti. Onetsetsaninso kuti chilolezo mwapereka n'chongoona, osati chosintha, kuopa kuti wina angafufute ntchito ya mwana mosadziwa.

Chaka chikatha ndimapatsa makolo ofuna mafayilo a ana awo, mawu a kuwerenga ndimawapereka kwa mphunzitsi wa sitandade 4 ngati makolo alola, kenako ndimatseka malinki onse ndi kufufuta mafoda. Makadi a Plickers sinditaya, chifukwa nambala zomwezo zimaperekedwa kwa ana atsopano, ndimangosindikizanso atatu kapena anayi omwe alumidwa m'ngodya.