Tchalitchi cha tsiku limodzi cha Maranatha: denga limabwera, khoma ndi lanu

Matchalitchi ambiri a kumudzi amaimira pa lintala. Njerwa mpingo umaumba wokha, mchenga amayi amatuta kumtsinje, mmisiri amapezeka mumpingo momwemo. Chimene chimakanika ndi matabwa ndi malata, chifukwa zimenezi zimafuna ndalama zambiri pakamodzi. Khoma likakhala losafolera mvula ziwiri kapena zitatu limayamba kung'aluka, ndipo ntchito ya zaka imabwerera pansi.

Bungwe la Maranatha Volunteers International linaitembenuza nkhaniyi: kuyamba ndi denga, khoma pambuyo. Bungweli linayambitsidwa ndi John Freeman mu 1969, likulu lake lili ku Roseville ku California, ndipo limamangira mpingo wa Seventh-day Adventist. Mu 2008, mogwirizana ndi ASI, gulu la anthu amalonda a mpingowu, linayamba ntchito yomwe limaitcha One-Day Church, kutanthauza tchalitchi cha tsiku limodzi, yomwe maganizo ake anachokera kwa Garwin McNeilus wa ku Minnesota. Matchalitchi amenewa aimikidwa ku Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe, India ndi mayiko ena. Mpingo sulembera ku America wokha, pempho limadutsa kwa abusa ndi ku likulu la mpingo m'dzikomo.

Chimene chimafika pagalimoto ndi mizati yachitsulo, zitsulo zonyamula denga, malata, mabawuti ndi masikuluwu. Zitsulozo n'zokutidwa ndi zinki kuti zisachite dzimbiri msanga. Chikaimikidwa chimakhala cha mamita pafupifupi 6 m'lifupi ndi pang'ono kuposa 11 m'litali, malo okwana anthu opitirirako 100 pa mabenchi. Khoma mulibe, pansi mulibe, zitseko ndi mawindo mulibenso. Tsiku loyamba chimaoneka ngati chigafa cha fodya, kungoti ndi chachitsulo.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Chiswe sichidya chitsulo, pamene phaso la bulugama wosapaka mankhwala limatha m'zaka zochepa. Zitsulo zimabwera zoduliratu pa muyezo, choncho nkhani ya kalipentala amene wafupikitsa thabwa kapena wasowetsa misomali siikhalapo. Ndipo popeza denga laima pa mizati yake, khoma silinyamula kanthu. Mpingo ukhoza kumanga mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, ukupemphera pamthunzi nthawi yonseyo.

Za anthu ogwira ntchitoyi, zithunzi zimanamiza pang'ono. Alendo odzipereka amene amabwera sabata imodzi kapena ziwiri, atadzilipirira okha ulendo, ndi amene amaoneka kwambiri. Koma ntchito imayenda chifukwa cha amisiri a m'dziko momwemo olembedwa ntchito, pamodzi ndi mabanja a amishonale okhazikika, amene amalimbana ndi makontena pa chipata cholowera m'dziko, mafuta a galimoto, misewu ya nthawi ya dzinja ndi mndandanda wa mipingo yodikira. Gulu lozolowera la amisiri ochepa limamalizadi tsiku limodzi. Tsiku limenelo limatheka pokhapokha malo atakonzedwa kale.

Kukonza malo ndi ntchito ya mpingo, ndipo apa ndi pamene zambiri zimalakwikira. Choyamba ndi pepala. Malo amene anaperekedwa pakamwa ndi mkulu wa mpingo amasanduka mlandu iye akamwalira, ana ake akabwera. Pakhale kalata ya mfumu ndi ya eni banja galimoto isanafike. Chachiwiri ndi nthaka. Pasankhidwe pokwererapo, osati pamene madzi amadikha. Chitsa chizulidwe ndi mizu yomwe, chulu chikumbidwe, ndipo dothi lothira kumene litsindiridwe pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, mukuwaza madzi. Mzati woima pa dothi lofewa umatitimira mvula yoyamba, denga n'kupendekeka.

Poyeza, ngodya zimatengedwa ndi chingwe ndi tepi: mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, pakati pake papezeke 5. Kenako muyeze kuchoka pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, ndipo miyezo iwiriyo ifanane. Ikasiyana ndi masentimita angapo chabe, malata amayamba kuthawa mzere, ofika nawo kumapeto n'kupeza lata lomaliza silikukhala. Mabawuti asamangidwe kotheratu mpaka mizati yonse itaima chilili pa levulo.

Pa malata pali zinthu ziwiri zazing'ono zimene zimadzavutitsa patsogolo. Sikuluwu iliyonse ili ndi kamphira kotsekera madzi. Mukaimanga mopitiriza kamphirako kamaphwanyika, mukaisiya yolendewera madzi amalowa, ndiye wogwira makina oboolera akhale munthu wodekha. China ndi tizidutswa tachitsulo totsala poboola. Tikasiyidwa padenga timachita dzimbiri ndi mame a usiku umodzi, n'kuyamba kudya lata. Denga lisesedwe ndi tsache lofewa tsiku lomwelo.

Mphepo ndiyo iyenera kudetsa nkhawa komiti ya zomangamanga. Denga lopanda khoma mphepo imalilowa pansi n'kulikankhira m'mwamba, ndipo amene anaona zimene namondwe Ana anachita mu 2022 ndi Freddy mu 2023 kuchigawo cha kummwera sangafunse kawiri. Mphamvu yonse ya nyumbayi ili pa mmene mizati yagwirira pansi. Ngati amisiri anena kuti pathiridwe konkire m'tsinde mwa mizati, zichitike sabata yomweyo, ndi kasakanizidwe ka simenti 1, mchenga 2, miyala 4. Konkireyo ikwere pang'ono pamwamba pa nthaka, ipendekere kunja, kuti dothi lonyowa lisakhudze chitsulo. Zinki imateteza, koma siipirira kukhala m'matope chaka ndi chaka. Kumanga makoma atatu n'kusiya mbali yoyang'ana mphepo yotsegula n'koopsa kuposa kusamanga khoma n'komwe, chifukwa mphepo imalowa n'kusowa potulukira.

Tsopano ndalama zimene dzina la tsiku limodzi limabisa. Kuzungulira nyumba yonse ndi mamita pafupifupi 35. Khoma likatalika mamita 2.7, mukachotsa malo a zitseko ndi mawindo, mutsala ndi masikweya mita pafupifupi 80. Mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 kapena 13 pa sikweya mita, ndiye pafunika mabuloko pafupifupi 1,000. Thumba limodzi la makilogalamu 50 litulutse mabuloko 30 mpaka 35. Oumba ena amalikoka mpaka 50 kuti asangalatse msungichuma, koma buloko lotero limanyenyeka ndi chala. Pamenepo papita matumba 30. Omangira afunika pafupifupi 10, pulasitala wa mkati ndi kunja 15 kapena kuposerapo. Pansi ndi masikweya mita 70, ndipo konkire yokhuthala masentimita 7.5 idya matumba 25 mpaka 33 kutengera kasakanizidwe. Zonse pamodzi ndi matumba 80 mpaka 90, osawerengera maziko a khoma, mafelemu, magalasi ndi mabenchi. Mpingo wa alimi 60 sungazipeze zimenezi pa zokolola za chaka chimodzi.

Njerwa zootcha zimatsitsa mtengo, koma zimatha mitengo, ndipo ku Malawi malamulo a 2018 a National Construction Industry Council anaziletsa pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Pamene pali dothi lofiira losakanikirana ndi mchenga, mabuloko a dothi ndi simenti pang'ono opanikizidwa ndi makina amachita bwino pa nyumba yotereyi, popeza khoma silisenza denga. Amafuna kuthiriridwa ndi kufunditsidwa pulasitiki masabata awiri asanamangidwe. Mabuloko a simenti nawonso azithiriridwa m'mawa ndi madzulo masiku 7.

Khomalo likhale ndi maziko akeake, osangoliyala pa nthaka pakati pa mizati. Pamwamba pa maziko payalidwe pulasitiki woletsa chinyezi, ndipo waya wolimbitsa khoma alowe mizere itatu iliyonse. Chitsulo chimafutukuka ndi dzuwa mosiyana ndi simenti, choncho pamene khoma lakumana ndi mzati pamatuluka kamng'alu kowongoka. Kameneka si koopsa. Koopsa ndi mng'alu wopendekera wochokera pa ngodya ya windo kutsikira pansi, umene umasonyeza kuti maziko akusuntha. Simenti yaiwisi ikagwera pa mzati kapena pa lata ipukutidwe nthawi yomweyo, imadya zinki.

Zosasangalatsa zilipo zina. Mvula yamphamvu ikamagwa pa malata opanda siling'i, mlaliki samveka kupitirira benchi yachitatu. Mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi ku Tete, kutentha kumatsika kuchokera padenga, ndipo mipingo imene imaika timawindo ting'onoting'ono pofuna kusunga ndalama imadzapeza anthu akukhala panja. Mawindo akhale aakulu, oyang'anizana mbali zonse ziwiri, ndipo pamwamba pa khoma pasiyidwe mpata kapena mabuloko obooka kuti mpweya wotentha uzituluka. Madzi otsika padenga amakumba m'mbali mwa nyumba, ndiye khonde la konkire la masentimita 60 kuzungulira ndi lofunika kuposa penti. Pamalo a pamtunda pamene mphezi imagwa kawirikawiri, wamagetsi alumikize zitsulozo ku ndodo yokhomedwa pansi.

Kukula kwa tchalitchichi kumathandiza kapena kupweteka malinga ndi mpingo. Kwa kagulu katsopano ka anthu 40 mpaka 80 kamene kakupemphera pansi pa mtengo kapena m'kalasi yobwereka, sitikudziwa njira ina yachangu ndi yolimba kuposa iyi. Mpingo wa m'tauni wa anthu 300 udzachipeza chochepa Sabata yoyamba, ndipo ungachite bwino kuchitenga ngati chipinda cha ana. Kwa oyenera kulandira, tikulangiza kuti dzina lanu likangolowa pa mndandanda muyambe kuumba mabuloko, kuti pofika tsiku la galimoto mukhale muli ndi osachepera 500 ouma, miyala yoswa ndi mchenga zili pamalo, ndipo matumba a simenti ya m'tsinde mwa mizati atagulidwa kale.