English Grammar in Use: buku lothandiza pa nthawi za aneni a Chingerezi

Buku la buluu ili, lolembedwa ndi Raymond Murphy, linatuluka koyamba mu 1985 ku Cambridge University Press. Lili ndi mitu 145, ndipo mitu 25 yoyamba ndi ya nthawi za aneni. Mutu uliwonse ndi masamba awiri: kumanzere malongosoledwe ndi zithunzi, kumanja mafunso oyeserera.

Mitu 13 ndi 14 ndiyo yofunika kuiwerenga mofatsa. Ife timati "ndabwera dzulo" popanda vuto, n'chifukwa chake ambiri amalemba "I have come yesterday". Bukuli limaonetsa bwino kuti mukatchula nthawi yomwe inatha kale, monga dzulo kapena mu 2019, mneni ayenera kukhala "came". Mutu 4 umachiza "I am knowing": aneni a kudziwa, kufuna ndi kukhulupirira salandira "-ing" m'ziganizo zotere.

Chofooka chake n'chakuti zonse zalongosoledwa m'Chingerezi. Amene akungoyamba kumene agule kaye lofiira, Essential Grammar in Use.

Pogula, onani kumapeto ngati muli mayankho, chifukwa mabuku ena alibe. Chitani mutu umodzi patsiku, mayankho muzilemba m'kope, ndipo pakatha masiku atatu mubwereze pomwe munalakwitsa.