Vitamini C, tiyi wobiriwira kapena mafuta a mbewu: ndi ati othandiza khungu padzuwa?

Mabotolo ambiri a mafuta odzola masiku ano amalembedwa kuti muli ma antioxidant ochokera ku zomera, oteteza khungu ku dzuwa. Ndadzolapo mitundu itatu ya mafutawa, ndipo kunena zoona sikuti ndi ofanana ayi.

Tiyambe tamvana pa ntchito yake. Cheza cha dzuwa chowononga khungu chili pawiri: UVB amene amawotcha pamwamba, ndi UVA amene amalowa mkati n'kubweretsa makwinya ndi mawanga. Pafupifupi 95 peresenti ya cheza chimenechi chofika pansi pano ndi UVA, ndipo amadutsa ngakhale pagalasi la zenera. Chezachi chikalowa m'khungu chimabala tinthu totchedwa free radical, timene timadya maselo monga dzimbiri lidyera chitsulo. Antioxidant amathana ndi tinthu timeneti. Satchinga dzuwa, amangochepetsa kuwonongeka kochokera ku cheza chimene chalowa kale.

Amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi osakaniza vitamini C, vitamini E ndi ferulic acid, yemwe amapezeka m'madeya a mpunga ndi mbewu zina. Mu 2005 gulu la Sheldon Pinnell ku Duke University linayesa pakhungu la nkhumba msakanizo wa 15 peresenti ya vitamini C, 1 peresenti ya vitamini E ndi 0.5 peresenti ya ferulic acid. Anapeza kuti ferulic acid anawonjezera chitetezo kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mavitamini awiriwo paokha, komanso anathandiza kuti msakanizowo usawonongeke msanga. Koma ali ndi zovuta zake. Vitamini C wa mtundu wa L-ascorbic acid amalowa bwino m'khungu pokhapokha pH (muyeso wa asidi) ili pansi pa 3.5, kutanthauza asidi wambiri, ndiye kwa ena amaluma, makamaka pamene pali chiphuphu kapena pongometedwa kumene. Amaopanso mpweya ndi kuwala. Mukaona kuti asanduka ofiirira, dziwani kuti mphamvu yapita. N'chifukwa chake ine ndimasankha botolo lakuda, laling'ono, loti lithe msanga. Ndipo ngakhale pabotolo ajambulepo zipatso, vitamini C wam'katimo kawirikawiri amapangidwa kufakitale, zimene sizimuchotsera mphamvu.

A tiyi wobiriwira ndi ofatsa. Mphamvu yake ili mu EGCG, antioxidant wa m'masamba a tiyi, amene amaziziritsa khungu lotupa ndi lonyerenyetsa. Pa nthawi imene nkhope yanga inkakana vitamini C, awa ndi amene ndinathawirako. Chodandaulitsa n'chakuti EGCG sachedwa kuwonongeka m'mafuta, ndipo opanga ambiri salemba kuchuluka kwake. Tembenuzani botolo, mufufuze dzina lasayansi la tiyi loti Camellia sinensis pamndandanda wa zosakaniza. Likakhala kumapeto kwenikweni, muli kachidutswa chabe.

Mtundu wachitatu ndi umene umandidetsa nkhawa: mafuta a mbewu monga a kokonati, a njere za raspberry ndi a njere za karoti. Amafewetsa khungu, ena alinso ndi vitamini E, palibe kutsutsa. Koma pa intaneti pafala nkhani yoti ali ndi SPF (nambala yosonyeza mphamvu yotchinga dzuwa) yokwera, pomwe akayesedwa SPF yake imakhala yochepa kwambiri, yosakwanira kuteteza munthu. Wodzola amenewa n'kutandala padzuwa akudzinamiza. Choopsa kuposa apo ndi mafuta onunkhira a bergamot (chipatso chonga lalanje) ndi mandimu, amene amatha kukhala ndi furocoumarin. Mankhwala amenewa akakumana ndi UVA amawotcha khungu, nthawi zina mpaka matuza, n'kusiya mawanga akuda okhalitsa miyezi. Pakhungu lakuda mawanga otere amavuta kufufutika.

Pa atatuwa palibe amene angalowe m'malo mwa sunscreen, mafuta otchinga dzuwa. SPF 15 amatchinga pafupifupi 93 peresenti ya UVB, SPF 30 amatchinga 97, SPF 50 amatchinga 98, ndipo mawu oti broad spectrum ndi amene amasonyeza kuti UVA nayenso watchingidwa. Manambalawa amayesedwa ndi mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, ndipo ambirife timadzola ochepera pamenepo. Ngati zinc oxide wa mu sunscreen amakutuwitsani nkhope, yesani okhala ndi iron oxide, amene amapatsa mafuta mtundu woyandikira khungu. Kwa anzathu achialubino, komanso aliyense amene anadwalapo khansa ya pakhungu, ndikupemphani: musadalire antioxidant yekha ngakhale tsiku limodzi.

Ine m'mawa ndimasamba, n'kudontheza vitamini C uja, akauma ndiye sunscreen pamwamba, ndipo ndikakhala panja ndimabwereza pakatha maola 2 aliwonse. Mafuta atsopano ndimayamba kuwayesa mkati mwa mkono kwa masiku angapo asanafike pankhope.