Box kapena stack mu basketball: kaimidwe ka osewera poponya mpira kuchokera kuseri kwa ring'i

Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, amapatsa woponya mpira kuchokera kunja kwa mzere masekondi 5 okha. Akatha, mpira wapita kwa adani. Choncho aphunzitsi, zimene mwajambula pabolodi zizitheka m'kanthawi kameneko.

Mu box, osewera anayi amaima m'makona anayi: awiri pafupi ndi ring'i, awiri kumapeto kwa mzere wa free throw (pamene wolakwiridwa amaponyera mpira popanda womutchinga). Kaimidwe kamodzi komweka kamabala njira zambiri. Ulendo uno wamtali atchingira mnzake kuti athamangire pakona, ulendo wina wotchingirayo ndiye atchingiridwa n'kulandira mpira pansi pa ring'i penipeni. Oteteza sadziwa chikubwera n'chiti. Koma box imafuna osewera odziwa nthawi yonyamukira. Mmodzi akafulumira zonse zasokonekera, ndipo adani akaima zone (aliyense kuteteza dera lake m'malo motsata munthu) kutchingirana kuja kumachepa mphamvu.

Stack ndi mzere umodzi moyang'anana ndi woponya. Iye akamenya mpira ndi dzanja, aliyense amabalalikira kwake. Ana asukulu amaigwira msanga, ngakhale adani nawonso sachedwa kuizolowera.

Timu yatsopano ndingaiyambitse ndi stack, bola mmodzi azithamangira chapakati pa bwalo nthawi zonse, kuti woponya asasowe wom'patsa mpira.