Chithunzi choti ukachipentenso uchisindikize kuti? Zomwe ndaona ine pa njira zinayi

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina wa ku Furancungo, awiri a konkuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique: "Achimwene, zithunzi zanu zija za nsomba zosambira m'mitambo mumakasindikiza kuti?" Ndikawayankha mwachidule pa WhatsApp, pakangopita sabata amanditumizira pepala lothimbirira, nkhope itasungunuka, ndalama zitalowa m'madzi. Ndiye ndati ndikhale pansi ndifotokoze bwinobwino. Za makamera ndi mapulogalamu ophatikizira zithunzi pafoni sindinenapo, aliyense ali ndi imene anaizolowera. Nkhani yanga ikuyambira pamene chithunzi chachoka pafoni n'kugwera papepala, chifukwa kwa ife amene timachipentanso, kuchidula ndi lumo, kuchisoka ndi ulusi, kumatapo tizidutswa ta kapulana (chitenje) kapena dothi lofiira losakaniza ndi guluu, pepala lotuluka m'makina ndi poyambira chabe.

Ntchitoyi inayamba kale. Hannah Höch ankadula zithunzi za m'manyuzipepala ndi sizasi ku Berlin cha m'ma 1920, Man Ray ku Paris ankangosanja zinthu pamwamba pa pepala lojambulira popanda kamera, ndipo Jerry Uelsmann wa ku America anameretsa nyumba pa mizu ya mtengo m'chipinda chamdima Photoshop isanabadwe. Aïda Muluneh wa ku Ethiopia amapenta munthu mwiniwakeyo asanamujambule. Koma ine amene anandipatsa mtima ndi Malangatana, wojambula ndi utoto wa ku Mozambique konkuno, ndi nkhope zake zothithikana pachinsalu ngati anthu pamaliro, komanso agogo anga aamuna amene m'mawa uliwonse ankasimba maloto awo ngati nkhani za pawailesi.

Pa njira zinayi zosindikizira ndiyamba ndi situdiyo ya zithunzi chifukwa ndi kumene kunandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero sikunandichoke.

Agogo amenewa ndinawajambula ali moyo, atakhala pakampando m'munda wawo wa mbatatesi ku Tsangano, m'mawa wa mwezi wa June, nkhungu itakuta phiri lonse kumbuyo kwawo. Ali mnyamata anakagwira ntchito ku Songo nthawi imene ankamanga damu la Cahora Bassa, kuyambira 1969, ndipo atabwerera kumapiri kuno moyo wawo wonse ankalota madzi. Atatisiya ndinaganiza zopenta khamu la kapenta likusambira m'nkhungu ija pamwamba pa mutu wawo. Ndinkafuna chithunzi chachikulu, masentimita 50 ndi 70, ndiye ndinakwera chapa (minibasi) mbandakucha, kudutsa pa Mussacama ndi ku Moatize, kuwoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa la ku Tete litayamba kale kuluma.

Pa situdiyo inayake tinagwirizana mameticais 1,200. Ndinafunsa mwiniwake momveka bwino: "Bambo, ndikufuna kukapakapo guluu ndi utoto. Inki yanuyi imapirira madzi?" Iwo anati, "Musadandaule achimwene, makina athu ndi aakulu, zithunzi zathu sizitha." Ndinapita kukadikirira pamthunzi. Pobwera masana ananditchulira 1,900. Pepala akuti linali ndi mtengo wakewake, ndipo panalinso ndalama ya "kukonza fayilo". Nditatambasula chithunzicho ndinaona kukonza kwake. Mnyamata wa pakompyuta anaona nkhungu ija ngati chilema, n'kuichotsa kuti phiri lioneke bwino. Khungu la agogo analiyeretsa, makwinya a pachipumi anawasalaza, munthu amene wapsa ndi dzuwa zaka makumi asanu ndi atatu n'kuoneka ngati wa pa kalendala. Ndinadandaula, anandiuza kuti kusindikizanso ndi ndalama ina. Chapa yomaliza inali pafupi kunyamuka. Ndinalipira ndalama yoti andiwonongere chithunzi, ndipo chimenecho ndi chimene chimandiwawa kuposa 700 yowonjezerayo.

Mavuto sanathere pomwepo. Nditafika kunyumba ndinati nkhunguyo ndingoibwezera ndi utoto woyera. Ndinasungunula cola branca (guluu woyera) pang'ono ndi madzi, n'kudutsa burashi kamodzi kokha pamwamba pa chipewa cha agogo. Mtundu wakuda unayamba kuyenda, n'kugawanika kukhala wobiriwira ndi wofiirira, n'kutsika pankhope ngati misozi. Ndinayesa kutsopa ndi kansalu, diso lakumanzere linachoka ndi kansaluko. Amayi anga amene ankasuzumira pakhomo anangotembenuka osanena kanthu.

Chimene chinachitika ndi ichi, ndipo muchigwire. Inki zopopera papepala zili mitundu iwiri. Ya dye ndi utoto wosungunuka m'madzi, ngati shuga mu tiyi. Ikauma imaoneka yowala bwino, koma madzi akabwera imasungunukanso, ndipo dzuwa limaifufutitsa msanga. Ya pigment ndi tinthu ting'onoting'ono tolimba toyandama m'madzi, ngati dothi. Madzi akauma timakakamira papepala ndipo sitisungunukanso. Poyang'ana ndi maso simungasiyanitse, ndipo nthawi zambiri wogulitsa mwiniwake sadziwa zimene zili m'makina ake. Choncho musafunse ngati inki ndi yabwino. Lipirani kachithunzi kakang'ono ka masentimita 10 ndi 15 pa makina omwewo ndi pepala lomwelo, kasiyeni kaume, nyowetsani chala ndi malovu, tikitani pakona. Chala chikatuluka ndi utoto, tengani flash yanu muzipita. Ndipo nenani kawiri, mnyamata wa pakompyuta akumva, kuti fayilo isakhudzidwe.

Kunena chilungamo, chithunzi cha ukwati choti chikalowe m'felemu kuseri kwa galasi, situdiyo imachitulutsa bwino kuposa njira zonsezi. Ndipo mukapeza malo amene alidi ndi inki ya pigment ndi pepala losanyezimira, mwapeza chuma, musawataye. Ine pakadali pano mwendo wanga umalemera ndikaona chikwangwani cha situdiyo.

Pulinta ya kunyumba, ija yothira inki m'timatanki, mnzanga wina ali nayo ndipo ndaigwiritsa ntchito kambirimbiri. Pepala limodzi limatsika mtengo kwambiri, ndipo palibe amene angakuyeretsereni khungu la agogo anu. Koma zambiri za mtundu umenewu zimayendera inki ya dye yomweyo, zimathera pa A4, ndipo mukaisiya masabata angapo m'fumbi la October timabowo take timatsekeka, n'kuyamba kutulutsa mizeremizere. Pali njira yozembera: kupopera vanishi wa m'chitini mopyapyala katatu, kudikira kuti aume nthawi iliyonse, kenako n'kupenta. Wa burashi ayi, amakokanso inki. Ine ndimaiona ngati yoyeserera maganizo ndi yosindikizira mapepala apulasitiki oonekera, amene ndiwatchule kutsogoloku.

Tsopano fotokope, imene anthu amainyoza.

Makina a laser a pa papelaria (sitolo ya mapepala ndi makope), omwe aja ana asukulu amakopera mayeso, sagwiritsa ntchito inki yamadzi. Toner ndi ufa wa pulasitiki umene makina amausungunula ndi kutentha n'kuumata papepala, n'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda. Pulasitiki saopa madzi. Pakani guluu, pakani utoto wa acrylic, nyowetsani mmene mungafunire, nkhope ikhala pomwepo. Koposa apo, toner amatheka kumusamutsa. Mumapaka guluu woyera pathabwa kapena pachinsalu, mokwanira koma osachulutsa, n'kugoneka pepala chafufumimba, chithunzi chitayang'ana pansi. Mumasalaza ndi khadi lakale kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke, n'kusiya usiku wonse. Mawa lake mumanyowetsa kumsana kwa pepala ndi kuyamba kutikita ndi chala pang'onopang'ono. Pepala limachoka ngati litsiro la pakhungu, tinyenyeswa toyera tikugwa, ndipo pansi pake nkhope imayamba kutuluka, itamatirira pathabwa, mizere ya mtengo ikuoneka kudzera m'masaya. Nthawi yoyamba kuona zimenezi ndinaitana nyumba yonse. Mukhoza kugwiritsa ntchito gel ya acrylic mukaipeza, imagwira bwino kuposa guluu wamba, amene amafewa mukachulutsa madzi potikita.

Pamene chala chatikita kwambiri toner amachoka, pamatsala kabala koyera. Poyamba zinkandikwiyitsa. Pano ndimachita dala m'mbali mwa chithunzi, chifukwa maloto nawo sakhala ndi malire osongoka.

Zofooka zake zilipo ndipo sindibisa. Simupitirira A3, ndiye chithunzi chachikulu mumachigawa mapepala angapo n'kulumikiza, ndipo msoko umaoneka ngati simusamala. Toner akatsala pang'ono kutha mtundu wakuda umatuluka wotuwa, wamathothomathotho. Ine ndimawafunsa amayi a papelaria tsiku limene athira watsopano, ndipo amandiimbira. Fotokope yamitundu imakuwa kwambiri, khungu la munthu limafiira ngati njerwa, n'chifukwa chake ndimasindikiza zakuda ndi zoyera basi, mitundu ndimaika ndekha ndi burashi. Ngati mukachisamutsire pathabwa kapena pachinsalu, musaiwale kutembenuza chithunzi pafoni musanasindikize, apo ayi dzanja lamanja likhala lamanzere ndipo zilembo ziwerengeka chobwerera. Nyengo nayo ili ndi mbali yake: kuno ku Angónia m'miyezi yozizira guluu amafuna masiku awiri, pomwe ku Tete amauma musanamalize n'kusalaza, ndiye a kumeneko gwirani ntchitoyi usiku kapena m'mamawa.

Ndidutsepo pang'ono pa zithunzi zakale za mu alubamu, zija zotsukidwa ndi mankhwala. Pepala lake ndi lokutidwa ndi pulasitiki, utoto wamadzi umangokhala timadontho osalowa. Koma mukachinyowetsa ndi kukanda ndi singano, pansi pamatuluka mtundu wofiira, kenako wachikasu, kenako woyera, malinga ndi kuzama kwa singano. Moto ndi mphezi zimatuluka bwino kwambiri motere. Chonde, osati pa chithunzi chimene banja lili nacho chimodzi chokha.

Njira yachinayi sifuna makina, imafuna dzuwa, ndipo dzuwa kwathu kuno sitigula. Imatchedwa cyanotype. John Herschel anaitulukira ku England mu 1842, ndipo chaka chotsatira Anna Atkins anayamba kujambula nayo zomera za m'nyanja. Mumasakaniza mankhwala awiri, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, n'kupaka papepala lolimba kapena pansalu ya thonje m'chipinda chopanda dzuwa. Ikauma mumaikapo chimene mukufuna: ngayaye za chimanga, masamba a nyemba, ukonde wa nsomba, kapena chithunzi chosindikizidwa papulasitiki woonekera chitatembenuzidwa kuti koyera kukhale kwakuda. Mumapsinja ndi galasi, n'kuika padzuwa mphindi zingapo, n'kutsuka ndi madzi wamba. Pamene dzuwa linafika pamakhala buluu wozama, pamene panali mthunzi pamayera. Mtundu umenewu suli pamwamba, uli m'kati mwa ulusi, ndiye mukhoza kupenta, kusoka, kudula, osaopa kanthu.

Mdani wake ndi sopo ndi phulusa. Ndinazindikira tsiku limene dontho la chidulo cha therere linagwera pansalu yanga, buluu n'kusanduka wachikasu pomwepo. Koma ngoziyo inanditsegulira khomo: mukafufutitsa dala ndi chidulo chosungunula, n'kutsuka, n'kuviika mu tiyi wakuda wopanda mkaka, chithunzi chimabwerera chili chofiirira ngati fodya wouma. Tsopano ndili ndi mitundu iwiri kuchokera kukhitchini.

Vuto lake ndi limodzi koma ndi lalikulu: mankhwalawo ine m'masitolo a kuno sindinawaonepo. Anga anandibweretsera msuweni wochokera ku Johannesburg, ndipo ndimawayeza ngati mchere wa m'chaka cha njala. Nthawi ya mvula, mitambo ikakuta Angónia masiku atatu, ntchito imaima. Komanso nkhope ya munthu siituluka ndi tsatanetsatane ngati pa fotokope.

Mnzanga wa ku Furancungo anafunsanso ngati angaike zilombo za Gule Wamkulu m'zithunzi zotere, poti UNESCO inauzindikira mu 2005 ndipo alendo amazikonda. Yankho langa silikhudza pepala. Pitani kaye kwa akuluakulu a mudzi, muwafotokozere kuti chithunzicho mukachidula ndi kuchipenta. Akakana, siyani.

Ndiye mukandifunsa kuti ndalama yanu yoyamba ipite kuti, ndikuti ipite ku papelaria ndi kwa kalipentala wa pulaiwudi. Cyanotype ndi imene mtima wanga umakonda, koma sindingakutumizeni kukasaka mankhwala musanaphunzire kutikita pepala. Pulinta ya kunyumba bwerekani, musagule chifukwa cha ntchitoyi yokha. Situdiyo pitani ndi chala chonyowa.

Chithunzi cha agogo ndinachipanganso ndi mapepala anayi a A3 pa pulaiwudi, nkhungu yake ili momwe inalili, makwinya onse alipo. Kapenta ndinamudula mmodzimmodzi pansalu ya cyanotype, nsomba 63, n'kumata pamwamba pa chipewa chawo. Chili pakhoma kwa agogo aakazi ku Tsangano. Mankhwala anditsalira okwanira nsalu ngati zisanu. Amene muli pafupi ndi Ulongué ndipo mukufuna kuona ndi maso, bwerani Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge nsalu yoyera ya thonje yochapa kale ndi yotsukuluza bwino kuti sopo asatsalemo, ndi kagalasi ka pawindo ngati muli nako.